Zomwe zimakhala pa thireyi mayi akalowa ku fiyeta

Pa opaleshoni yotulutsa mwana, ija ambiri timangoti siza, mpeni umagwira ntchito kawiri kapena katatu basi. Umacheka khungu, umatema pang'ono chikopa cholimba chomwe chimakuta minofu ya pamimba, kenako umaboola chiberekero kabowo kakang'ono. Nthawi yonseyo mukaiphatikiza mwina siikwana n'komwe mphindi imodzi. Ukatero timauika m'kambale kachitsulo n'kuukankhira kumbali, ndipo kwa theka la ola kapena ola lathunthu lotsalalo moyo wa mayi umadalira zida zina zimene anthu ambiri sanazionepo. Koma mukakhala pa benchi ya magadiyani kunja kwa fiyeta, nkhani yonse imakhala ya mpeni. "Akukamung'amba." Agogo agwira mutu, bambo akungozungulira pakhonde, wina wayamba kale kuimba foni kumudzi.

Ine ndine namwino wa ku fiyeta. Ntchito yanga ndi kuima pafupi ndi tebulo la zida, nditasamba m'manja mpaka m'zigongono, nditavala gauni ndi magolovesi, n'kumapatsira ochita opaleshoni chida chimene akufuna, makamaka asanachitchule. Mantha a anthu aja ndimawamvetsa, chifukwa opaleshoni si nkhani yamasewera. Chomwe chimandiwawa n'chakuti mantha amenewa amachedwetsa anthu. Ndaonapo mayi matenda atamuyamba dzulo lake, achibale akukanganabe ngati asayine kapena ayi, pofika kwa ife chiberekero chitang'ambika kale. N'chifukwa chake ndikufuna ndikulowetseni m'chipinda chija kuti muone zomwe zili pa thireyi. Mukazionetsetsa mupeza kuti zodula ndi zochepa kwambiri. Zambiri zinapangidwa kuti ziletse magazi, zigwire mnofu osauphwanya, ndiponso zitchinjirize ziwalo zomwe sizikufunika kukhudzidwa.

Ndasankha thireyi ya siza chifukwa ndi imene imatsegulidwa kawirikawiri m'zipatala zathu za m'maboma, usana ndi usiku, ndipo nthawi zambiri oigwiritsa ntchito amakhala ma clinical officer, osati madokotala akuluakulu a ku Queens kapena ku Central. Komanso amene wadziwa zida za siza wadziwa gawo lalikulu la zida za opaleshoni iliyonse ya m'mimba, kaya ndi ya mimba yokhala kunja kwa chiberekero kapena ya matumbo opotana.

Zida zimabwera zitakulungidwa m'nsalu ziwiri zobiriwira, ndipo choyamba kuchoka pa tebulo ndi chotsukira. Timachitcha sponge holder: chopanira chachitali chokhala ndi timphete kunsonga, chomwe chimagwira kansalu koviikidwa m'mankhwala a ayodini. Mimba imatsukidwa kuyambira pakati, pamene pachekedwe, kumka kunja, ndipo kansalu kamene kafika m'mbali sikabwereranso pakati. Kenako mayi amafunditsidwa nsalu zoyera, kungosiya kamalo kogwirirapo ntchito, ndipo nsaluzo timazimanga ndi tizopanira tosongoka totchedwa towel clip.

Mpeni wake ndi waung'ono kuposa momwe anthu amauganizira. Uli ndi mbali ziwiri, chigwiriro chachitsulo chimene timatsuka n'kuchigwiritsanso ntchito, ndi kalezala kamene kamabwera m'kapepala kakekake, kamagwira ntchito pa munthu mmodzi n'kutayidwa. Nzeru yolekanitsa ziwirizi anabwera nayo ndi Morgan Parker wa ku America mu 1915. Kale mpeni wonse unali chitsulo chimodzi, ndipo kutentha kophera tizilombo kunkaubunthitsa, moti pankafunika wonola nthawi ndi nthawi. Chigwiriro nambala 4 chimalandira timalezala tokulirapo monga 20, 21 ndi 22, tochekera khungu la pamimba. Nambala 3 chimalandira ting'onoting'ono, monga 15 ka ntchito zofuna kusamala pa dzanja kapena pankhope, ndi 11 kosongoka, koboolera chithupsa kuti mafinya atuluke. Mpeni sitipatsirana pamanja. Ndimauika m'kambale kaja, iwo amautola okha, akatha amaubwezera momwemo. M'dziko momwe HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ali pakati pathu, kudzicheka ndi lezala lamagazi kumatanthauza kuyamba kumwa PEP, mankhwala oteteza ku HIV, asanathe maola 72, n'kumwa kwa masiku 28, mtima uli m'mwamba.

Dzanja lina la wochita opaleshoni silikhala lopanda kanthu. Limagwira dissecting forceps, kambaniro kopanda loko komwe kamanyamula mnofu kuti dzanja lodula lione pochita. Tilipo tamitundu iwiri, ka mano ndi kopanda mano. Ophunzira atsopano amathamangira kopanda mano poganiza kuti n'kofatsa. Pa khungu si choncho. Khungu ndi lolimba ndiponso loterera, ndiye kuti uligwire ndi kopanda mano umayenera kufinya kwambiri, ndipo malo ofinyidwawo amachedwa kupola. Ka mano kamangokola pang'ono, basi kagwira. Koma pa matumbo kapena pa chikhodzodzo mano omwewo angaboole, choncho kumeneko timapereka kopanda mano. Pafupifupi chida chilichonse chogwirira mnofu chinapangidwa poyankha funso lomweli, loti pamenepa tigwire molimba bwanji kuti pasapulumuke koma pasavulale. Kocher ili ndi mano kunsonga ndipo imaluma zolimba, n'chifukwa chake imagwira chikopa cha minofu ya pamimba. Dzinalo ndi la Theodor Kocher wa ku Bern, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1909 chifukwa cha ntchito yake pa chithokomiro. Allis ili ndi timano ting'onoting'ono tondandalika. Babcock ilibe mano m'pang'ono pomwe, milomo yake ndi yopindika ndipo ili ndi mpata pakati, moti imazinga njira ya mazira kapena thumbo popanda kulifinya. Amayi amene anapempha kutsekedwa atabereka, Babcock ndi imene inanyamula njira zawo za mazira.

Masizasi amakhala atatu kapena kuposerapo, ndipo ndimawalondera kwambiri. Yotchedwa Mayo ndi yonenepa, yodulira zolimba. Metzenbaum ndi yaitali, yowonda, yansonga zobuntha, ya mnofu wofewa. Nthawi zambiri Metzenbaum siidula n'komwe: imalowetsedwa pakati pa minofu itatsekedwa, kenako imatsegulidwa, ndipo minofu imalekana yokha motsata mmene inalengedwera, magazi osatuluka ambiri. Yachitatu ndi ya ulusi basi. Telala aliyense pamsika salola kuti sizasi yake ya nsalu idule pepala, ndipo ine sindilola Metzenbaum idule ulusi kapena nsalu, ngakhale aipemphe ndi akuluakulu. Ikabuntha imatafuna mnofu m'malo moudula, ndipo mnofu wotafunidwa ndi umene umadzachita mafinya.

Zochuluka kwambiri pa thireyi ndi ma artery forceps, zopanira mitsempha. Pooneka zimafanana ndi sizasi, zili ndi mphete ziwiri zolowetsamo zala, koma m'malo mwa mbali zakuthwa zili ndi milomo yamizeremizere, ndipo pafupi ndi mphetezo pali timano tomwe timakolana ukafinya. Kaloko kameneka ndi kamene kanasintha ntchito ya opaleshoni. Mtsempha ukaduka, wochita opaleshoni amaupana, loko amalira kuti "kete", iye n'kusiya chidacho chili lende, manja ake onse awiri n'kupitiriza ntchito. Pambuyo pake amadutsitsa ulusi pansi pa nsonga ya chopaniracho, amamanga mfundo yoyamba, wothandizira amamasula loko pang'onopang'ono uku mfundo ikumangika, kenako mfundo ziwiri zina pamwamba. Akamasula mofulumira, mtsempha umathawira m'kati mwa mnofu ndipo kuupezanso ndi ntchito.

Zimenezi anthu sanazidziwe tsiku limodzi. Kwa zaka mazanamazana njira yoletsera magazi podula mwendo inali kuwotcha ndi chitsulo chamoto. Ambroise Paré, dokotala wa asilikali a ku France m'zaka za m'ma 1500, ndi amene anatchukitsa zokoka mtsempha ndi mbaniro n'kuumanga ndi ulusi. Koma mbaniro yake inkafuna munthu woigwirira. Chopanira chodzitsekera chokha chinafala m'zaka za m'ma 1870, ndipo mtundu umene timagwiritsa ntchito kwambiri kuno uli ndi dzina la Spencer Wells wa ku London, amene anachotsa zotupa za m'thumba la mazira kwa amayi oposa 1,000. Ting'onoting'ono take, totchedwa mosquito, ndi ta ana ndi ta mdulidwe. Masiku ano kulinso makina a diathermy, otseka timitsempha ting'onoting'ono potiwotcha ndi magetsi, amene William Bovie ndi Harvey Cushing anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Boston mu 1926. Amafulumizitsa ntchito, ndipo ndimawakonda. Koma magetsi akazima, jenereta isanalire, chimene chimatsala m'manja mwathu ndi chopanira ndi ulusi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa ophunzira kuti ayambe adziwa kupana ndi kumanga asanazolowere makina.

Mimba ikatseguka pamafunika kuona. Zokokera, ma retractor, zimakankhira khoma la mimba kumbali. Langenbeck ndi yopyapyala, yopindika kunsonga, yokokera m'mphepete mwa bala. Koma pa siza yofunika koposa ndi Doyen, chitsulo chotambalala chopindika chomwe chimalowa kumunsi kwa bala. Chikhodzodzo chimagona pamwamba penipeni pa malo amene chiberekero chimachekedwa, ndipo mayi akakhala nthawi yaitali mwana atakakamira, chimatupa n'kukwera m'mwamba. Doyen imachiphimba n'kuchikokera pansi, kutali ndi mpeni ndi singano. Chikhodzodzo chikavulala osadziwika, kapena chikasokeredwa limodzi ndi chiberekero, mayi angatuluke m'chipatala ali ndi fistula, mkodzo ukungotuluka wokha. Amene wagwira Doyen amakhala wamng'ono pa onse, kawirikawiri wophunzira, dzanja likuwawa, osaona n'komwe zomwe zikuchitika m'katimo. Ndimawauza kuti chikhodzodzo cha mayiyo chili m'manja mwawo, asatayirire.

Ikafika nthawi yoboola chiberekero, m'chipinda mumasintha. Adokotala amacheka kabowo kakang'ono, n'kukakulitsa ndi zala kuopa kucheka mwana. Madzi amakhuthuka, makina oyamwa amayamba kulira, Doyen imazulidwa kuti mutu upeze njira. Dzanja limalowa pansi pa mutu, wothandizira amakankha pamwamba pa mimba, mwana uyo watuluka. Zopanira ziwiri pa mchombo, sizasi pakati pake, azamba alandira mwana m'nsalu. Aliyense khutu lake limakhala kwa mwana, kudikira kuti alire. Ine maso anga sachoka pa bala la chiberekero, ndipo m'dzanja langa mumakhala muli kale chida chotsatira.

Mimba ikakwana masiku, m'chiberekero mumadutsa magazi opitirira theka la lita pa mphindi iliyonse, pamene thupi lonse la mayiyo lili ndi malita 5 kapena 6. Tangowerengerani nokha. M'mphepete mwa bala lija magazi satuluka modontha, amasefukira, makamaka m'ngodya ziwiri za kumanja ndi kumanzere, zomwe zili pafupi ndi mitsempha ikuluikulu. Chopanira wamba chili ndi nsonga yopyapyala, ndipo pa mnofu wofewa, wodzaza magazi chonchi, chimangong'amba. Apa ndi pamene pamalowa Green-Armytage. Milomo yake ndi yotambalala, ya ngodya zitatu, yokhala ndi mizere yopingasa, moti imagwira khoma la chiberekero pamalo aakulu n'kufinya mitsempha yonse ya pamenepo osaboola. Pa thireyi yabwino zimakhala 4 kapena kuposa. Ndimapatsira imodzi, ya ngodya ya uko, ina ya ngodya ya kuno, ina ya m'mphepete mwa kumunsi, iliyonse ndikuimenyetsa pang'ono pachikhatho kuti aimve yafika popanda kucheuka. Zikakola zonse, magazi amene amadzaza bala amaphwa, nyama imayamba kuoneka, ndipo mumamva munthu akupumira m'chophimba kukamwa. Chidachi chili ndi dzina la Vivian Green-Armytage, dokotala wa amayi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Calcutta, ndipo mwa zida zonse za pa tebulo langa ndi chimene ndimachilemekeza kwambiri. Komabe icho chimangogwirizira. Magazi amaleka kwenikweni chiberekero chikalimba, wogonetsa odwala atapereka oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, ndiponso ulusi ukadutsa.

Ndikamaona zimenezi ndimakumbukira nkhani ya ku Uganda imene ndimafuna ophunzira athu onse ataidziwa. Mu 1879 Robert Felkin wa ku Britain anaonerera sing'anga wa ku Kahura, m'dera la Bunyoro, akuchita siza. Mayiyo anamwetsedwa mowa wa nthochi, ndipo mowa womwewo sing'angayo anasamba nawo m'manja n'kutsukira mimba. Anacheka ndi mpeni wopindika, wothandizira akuletsa magazi ndi chitsulo chamoto mosamala, anafinya chiberekero mpaka chinalimba, ndipo khungu analilumikiza ndi tizitsulo 7 tosalala tomangidwa ndi chingwe cha khungwa. Felkin anachoka pa tsiku la 11, mayi ndi mwana ali bwino. Pa nthawi imeneyo m'zipatala zambiri za ku Ulaya siza inkapha amayi ochuluka zedi. Anthu aja analibe Green-Armytage, koma mavuto atatu a opaleshoni, ululu, magazi ndi kuola kwa bala, ankawadziwa ndipo lililonse anali atalipezera chochita. Choncho wina akamati opaleshoni ndi zachizungu, zosayenera ife, ine sindivomereza.

Kusoka ndi kumene kumatenga nthawi yambiri. Singano zathu ndi zopindika, zimabwera ulusi utamatidwa kale kumchira, ndipo sizigwiridwa ndi zala. Zimagwiridwa ndi needle holder, chopanira cha milomo yaifupi, yolimba. Ndimapana singano cha kumbuyo, osati kunsonga kapena pamene palowa ulusi, ndipo ndimaipereka italoza kumene dzanja la wosokayo lipite. Ngati ndi wamanzere ndimaitembenuza. Singano yobulungira imangopatula mnofu, ndiye ndi ya chiberekero ndi matumbo. Ya khungu ili ndi m'mbali mwakuthwa chifukwa khungu silibooleka wamba. Ulusi nawo ndi wosiyanasiyana. Wa m'kati umasungunuka wokha: catgut, wopangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa kapena ng'ombe, kapena Vicryl, umene umakhala wolimba kwa milungu ingapo n'kutheratu patatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Wa nayiloni susungunuka, n'chifukwa chake amene asokedwa nawo pakhungu amauzidwa kubwera pakatha sabata kuti auchotse. Mayi akamatuluka ndi bwino afunse kuti, "Ulusi wangawu ndi wochotsa kapena wosungunuka?" Ndalandirapo amayi atakhala ndi nayiloni mwezi wathunthu, khungu litamera pamwamba, chifukwa palibe anawafotokozera.

Tsopano za kuwerenga, zomwe kunja sizidziwika koma kwa ine ndi theka la ntchito. Tisanayambe, ine ndi mnzanga amene sanavale magolovesi timawerenga mokweza chida chilichonse, singano iliyonse ndi kansalu kalikonse kopukutira magazi, iye n'kulemba pa bolodi. Tinsaluti timabwera tisanutisanu, ndipo tambiri tili ndi kaulusi kooneka pa X-ray. Timawerenganso chiberekero chisanatsekedwe, mimba isanatsekedwe, ndi pomaliza pa khungu. Kansalu konyowa ndi magazi kamafanana ndi mnofu, ndipo kakabisala kuseri kwa chiberekero diso silingakaone. Kakatsalira m'mimba, mayi amabwerako patatha masabata kapena miyezi, thupi likutentha, mimba ikupweteka, nthawi zina matumbo atamatirira.

Usiku wina tinawerenga n'kupeza kamodzi kakusowa, adokotala atagwira kale singano yotsekera mimba.

"Adokotala, tadikirani kaye. Kansalu kamodzi sikakuoneka."

"Sister, m'mimbamu ndayang'anamo, mulibe kanthu."

"Ndamva, koma pa bolodi pali 15, ine ndili ndi 14."

Anaika singano pansi. Mnzanga anakhuthula ndowa, n'kuyala tinsalu tonse pansi kamodzikamodzi. Anasuzumira pansi pa tebulo, pansi pa nsapato zathu, m'mbale ya nsengwa. Adokotala analowetsanso dzanja m'mimba, kuseri kwa chiberekero, mbali zonse ziwiri. Kenako mnzanga anapita kumene azamba ankasamalira mwana, ndipo anakapeza m'nsalu imene anamulandirira. Tinawerenganso kuyambira poyamba, zinakwana, ndipo anasoka. Palibe anakwiya. Pa nkhani ya kuwerenga, namwino wamng'ono ali ndi mphamvu yoimitsa dokotala wamkulu, ndipo fiyeta imene anamwino amaopa kutero ndi yoopsa kugonamo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika kuwerengaku pa mndandanda wake wa zoyenera kufunsana pa opaleshoni mu 2008. Atauyesa m'zipatala 8 za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 alionse. Sanagule makina atsopano, anangoyamba kufunsana mokweza.

Mayi akatuluka, zida zimapita kuchipinda chakumbuyo, kwa anthu amene mayina awo salembedwa pa fayilo ya wodwala. Kumeneko chida chilichonse chimatsegulidwa, n'kutsukidwa ndi burashi ndi sopo m'mizere ya milomo, m'timano ta loko ndi polumikizira, pamene magazi amakonda kuumira. Magazi ouma amatchinga nthunzi, ndiye chida chosatsukidwa bwino sichiyera ngakhale chikhale m'makina tsiku lonse. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuyamba taviika zida m'madzi a klorini wa 0.5 peresenti kwa mphindi 10. Malangizo a WHO a mu 2016 anasiya kulimbikitsa zimenezi, chifukwa klorini amadya chitsulo, ndipo fiyeta ikatanganidwa mphindi 10 zija zimasanduka ola. Timabowo ta dzimbiri timene mumaona pa zida zakale, tambiri tinayambira mu ndowa imeneyo, ndipo m'timabowomo ndi mobisalamo tizilombo.

Zikauma zimapakidwa mafuta ake polumikizira, zimakulungidwa maloko ali otsegula, n'kulowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yopanikizidwa, amene Charles Chamberland, wogwira ntchito ndi Louis Pasteur, anapanga mu 1879. Madzi owira wamba amathera pa madigiri 100, ndipo kutentha kumeneko sikupha njere za tizilombo tina monga ta kafumbata. Mu autoclave nthunzi imafika madigiri 121, ndipo zida zokulungidwa zimakhalamo mphindi 30, kapena madigiri 134 kwa mphindi zochepa. Pa paketi timamata katepi komwe mizere yake imada kakatenthedwa. Katepiko kamangosonyeza kuti paketi inalowa m'makina, sikatsimikiza kuti nthunzi inafika pakati, n'chifukwa chake kudzaza makina mothinana kuti zithe msanga ndi kulakwa. Paketi ikatuluka yonyowa ndimaibweza, chifukwa chinyontho chimalowetsa tizilombo kudzera m'nsalu. Joseph Lister asanalembe za carbolic acid, mankhwala ophera tizilombo, ali ku Glasgow mu 1867, madokotala ankanyadira mipeni ya zigwiriro za mtengo ndi za minyanga ya njovu, n'kumaipukuta pa malaya. Zida zathu ndi zachitsulo chokhachokha, zosalala, zopanda zokongoletsa, kuti zipirire moto umenewu tsiku ndi tsiku.

Koma chitsulo nacho chimatha. Zida zambiri za padziko lapansi zimapangidwa ku Sialkot ku Pakistan ndi ku Tuttlingen ku Germany, ndipo kuchokera kumeneko zimabwera zabwino ndi zotchipa zomwe. Zotchipa zimaoneka zonyezimira tsiku loyamba, pakatha miyezi loko wayamba kulumpha. Ndisanakulunge paketi ndimaziyesa. Chopanira ndimachitseka n'kuchiyang'ana kumene kukuchokera kuwala: kuwala kukadutsa pakati pa milomo, mtsempha nawo udutsa. Ndimachitseka pa dzino loyamba n'kuchigogoda pachikhatho, chikatseguka chokha ndiye kuti chidzatsegukanso m'mimba mwa munthu. Needle holder ndimaipanitsa singano n'kuyesa kuipotoza ndi zala. Sizasi iyenera kudula kansalu konyowa mpaka kunsonga osakoka. Needle holder ya mphete zagolide ili ndi tizitsulo tolimba kwambiri ta tungsten carbide m'milomo, ndipo imakhalitsa kuposa wamba, komanso tizitsuloto tikatha timasinthidwa.

Amene sanaimepo pa tebulo angaone ngati izi ndi zazing'ono. Koma ndaonapo singano ikuzungulira m'milomo ya needle holder yotha, pa ngodya ya chiberekero imene ikutaya magazi, wosoka akuyesa kachiwiri, kachitatu, ine ndikusakasaka ina pa thireyi yomwe inali ndi imodzi yokha. Mphindi zimenezo zimalipidwa ndi magazi a mayi, ndipo mwina mufiriji ya ku labu mulibe ngakhale paketi imodzi ya gulu lake.

Kafukufuku wa Paul Fenton ndi anzake, wofalitsidwa mu 2003, anatsatira masiza 8,070 m'zipatala za m'Malawi muno ndipo anapeza kuti amayi 85 anamwalira, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse. Wina wa mu 2019, wa m'mayiko 22 a mu Africa, anapeza kuti mayi wochitidwa siza kuno ali pa chiopsezo cha imfa chochuluka ka 50 kuposa wa m'mayiko olemera, ndipo kutaya magazi kunali pakati pa zifukwa zazikulu. Sindikunena kuti zida ndizo zimapha amayi onsewa. Kufika mochedwa, kusowa kwa magazi, kuchepa kwa ogonetsa ndi kwa anamwino oyang'anira mayi akatuluka ku fiyeta, zonsezi n'zazikulu kuposa chopanira. Koma mwa mavuto onsewa, la zida ndi limene lingathe ndi ndalama zochepa, ndipo ndi limene limaiwalika msanga pokonza bajeti, chifukwa needle holder siioneka pa chithunzi cha mwambo wolandira mphatso.

Abale athu a ku Johannesburg, ku Leeds ndi kwina amasonkha ndalama n'kutumiza katundu ku zipatala za kwawo, ndipo mipingo ndi makomiti a zipatala amachitanso chimodzimodzi. Mtima umenewo ndimauthokoza kwambiri. Pempho langa n'lakuti musanagule, funsani namwino woyang'anira fiyeta ndi munthu amene amayendetsa autoclave kuti chikusowa n'chiyani. Kawirikawiri adzakutchulirani ma needle holder abwino, ma Green-Armytage, masizasi, labala wa pachitseko cha autoclave amene wayamba kutulutsa nthunzi, ndi ndalama yoti wina azinola ndi kukonza zomwe zilipo. Koposa zonse adzakupemphani thireyi ina yathunthu. Chipatala chikakhala ndi mathireyi a siza awiri okha, usiku umene kwabwera amayi atatu motsatizana, wachitatuyo amadikira kuti zida zitsukidwe, ziume, zikulungidwe, zilowe mu autoclave, zituluke ndi kuzizira. Zimenezi zimapitirira ola, ndipo mwana amene mtima wake wayamba kugunda mofooka sangadikire nthawi yonseyo.